Ndinawatenga Alamu ku Nimu

Nimu, Ladakh
6 Juni 2003

Okondedwa amake Kabita,

Moni wochokera kuno kumtunda. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana, ndiponso kuti amayi mwendo uja wayamba kuwaleka. Ine ndili bwino. Achimwene anu, alamu anga a Purna, alinso bwino, kungoti mutu ukuwapweteka monga umachitira ndi aliyense wofika kumene kuno.

Tinafika Lolemba. Njira ndi yomwe ija: sitima, basi, kenako mapiri osatha. Alamu anayamba kusanza tisanapite patali, koma pakamwa sipanatsekeke ayi. Titatulukira m'chipululu muno anasuzumira pawindo, n'kuona mapiri opanda ndi kaudzu komwe, amvekere, "Mlamu, mbuzi za kunozi mwini wake ndani? Zamaliza dziko lonse!"

Bwana Angchuk, eni mabwato aja, awalemba ntchito yophika pamsasa. Ndinawauza bwanawo kuti alamu akhala akuphikira alendo zaka zambiri. Inu ndi ine tikudziwa kuti alendo ake ndi aja a paukwati wathu, koma mpunga ndi mphodza n'chimodzimodzi kulikonse, ndipo zakudya za azungu ndiwaphunzitsa ndekha.

Tikugona m'chipinda chakale chija kwa mayi Yangdol, kuseri kwa mitengo ya machuli, timapichesi tija ndimakubweretserani touma. Mayiwo atawapatsa alamu tiyi wa kuno wa mchere ndi batala, analawa n'kundinong'oneza kuti, "Msuziwu ndi wabwino, koma nyama aiwala." Pano akumwa kuposa ine.

Mtsinje ukadali wochepa poti chipale chofewa sichinayambe kusungunuka m'mapiri, ndiye tikungomata mabwato ndi kuwapopa. Madzi ake ukaviika dzanja umamva kuzizira mpaka m'mano.

Ndikudziwa kuti simunafune kuti ndiwatenge. Mawu anu a pakhomo paja sindinaiwale, oti munthu wopumira kawiri pokwera kuchokera kudambo si wopita naye kumene mpweya uli wochepa. Koma anachita kundichonderera okha, amake Kabita. Akufuna malata panyumba pawo mwana wawo wamkazi asanakwatiwe. Ntchito yawo kuno ndi yokhala pansi pafupi ndi moto, ndipo ine ndilipo, ndiziwayang'anira.

Mvula ikayamba musadikire a Khatri ndi ng'ombe zawo, amachedwa dala. Kapanganeni ndi a Suntali, akazi awo a alamu, kuti muziwokera mbande pamodzi. Njati musaigulitse ngakhale mkaka utachepa. Ndatumiza marupiya zikwi ziwiri kudzera kwa Bhim amene akubwerera kumudzi. Mumugulire Kabita nsapato za mvula, zotsalazo feteleza.

Alamu akuti ndikuuzeni kuti aona ng'ombe yaubweya ngati bulangeti, ndipo akadzafotokoza musadzawatsutse pagulu.

Ndine mwamuna wanu,
Harka


Nimu
28 Juni 2003

Okondedwa amake Kabita,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ife kuno tili bwino. Pepani kuti denga la khola likudontha. Ndinaona ndisanachoke, ndinangoti ndidzakonza pobwera. Muuzeni Bhim aikepo pepala la pulasitiki.

Mtsinje wadzuka tsopano. Dzuwa likuotcha, chipale chasungunuka, ndipo mtsinje wa Zanskar ukutsika wodzaza, mtundu wake ngati tiyi wa mkaka. M'mawa uliwonse timakweza mabwato palole mpaka ku Chilling, n'kutsika nawo alendo mpaka kuno pamene Zanskar amakumana ndi mtsinje wa Indus. Alamu amatidikira pamchenga pamenepo ndi mapoto awo. Alendo akuchuluka chaka chino. Dzana bambo wina wa ku Delhi, mimba ngati mtsuko, anandifunsa ngati mumtsinjemu muli ng'ona. Ndinati zinafa ndi chimfine. Anakhulupirira.

Zophika za alamu zatchuka. Tsabola wawo wosinja ndi tomato uja azungu akumulirira, misozi ili mbwembwembwe koma akupemphabe wina. Bwana Angchuk amabwera dala nthawi ya nkhomaliro ngati akudzaona mabwato.

Lachitatu alendo anali ochepa, ndiye ndinawaveka alamu jekete loyandamitsa n'kuwakweza pabwato. Anakhala kutsogolo atakakamira chingwe ngati mwana pamsana pa njati. Funde loyamba litawamenya kumaso anakuwa, "Mayo, ndafa ine!" Lachiwiri anangoti kukamwa yasa. Lachitatu anayamba kuseka, ndipo sanaleke mpaka tinafika. Potsika anati, "Mlamu, ndiye umalandira malipiro pa zimenezi? Dikira ndikamuuze mlongo wanga kuti kunoko umadzasewera."

Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilasa. Ndinakuganizani inu muli m'matope mpaka m'mawondo, misundu ikukuyamwani, ine ndili pabwato ndikuimba. Ndimati ndimabwera kuno chifukwa cha njala, ndipo si bodza. Koma mtsinjewu ndimaukondanso, zimenezo sindingakubisireni.

Tsopano imvani nkhani yaikulu. Mu Ogasiti kuli ulendo wautali uja, woyambira kumtunda ku Padum n'kudutsa mumpata wonse wa Zanskar, kugona m'matenti m'mbali mwa mtsinje. Zaka zonsezi ndakhala ndikupalasa bwato lakumbuyo, wotsogolera ali wina. Dzulo bwana anandiitana n'kunena kuti, "Harka, chaka chino ndiwe. Anthu ako usankhe wekha, koma wophika akhale mlamu wakoyu, alendo ake ndi ovuta pakamwa." Amake Kabita, ndinatuluka mmenemo msangamsanga. Ndinakakhala ndekha pamwala kuti anyamata asaone nkhope yanga.

Alamu mutu unaleka. Mapazi okha ndi amene amatupako madzulo, iwo akuti ndi nsapato. Masiku ano amakonda kugona chokhala, atatsamira thumba la mpunga, akuti ndi mmene amapumira bwino. Pochokera kumtsinje mapoto ndimawanyamulira ndine. Musawauze a Suntali zimenezi, angade nkhawa pachabe.

Mumuuze Kabita kuti akakhoza mayeso ndidzamubweretsera chipewa chaubweya.

Mwamuna wanu,
Harka


Nimu
18 Julayi 2003

Okondedwa amake Kabita,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwamaliza kuwokera. Ine ndili bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Sabata yatha alamu anakhala pansi mwadzidzidzi pakati pa njira yochokera kumtsinje, thukuta lili kamukamu. Anati chizungulire chabe, koma mayi Yangdol atawaona anandikalipira mpaka ndinawatengera kwa dokotala ku Leh. Dokotalayo anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, anawadina mapazi, anawajambula. Mukudziwa kuti achimwene anu Chihindi amangotolako mawu a pamsika, ndiye dokotala analankhula ndi ine.

Anati mtima wawo ndi wotopa, ndipo si za lero. Anati kumtunda kuno ukugwira ntchito ya anthu awiri, ndiye ndibwino atsike kupita kumene mpweya uli wambiri, asachedwe. Anawapatsa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi.

Titatuluka alamu anandifunsa, "Akuti bwanji, mlamu? Ndifa Lachingati?"

Ndinati, "Akuti musiye fodya, muchepetse mchere, muzimwa mapiritsiwa, musamanyamule zolemera."

Iwo anati, "Basi? Ndiye akanangondikwatira, zimenezo Suntali amanena tsiku lililonse kwaulere."

Zimene ndinawauzazo dokotala ananenadi. Ndinangosiyako chimodzi. Musafulumire kundiweruza, amake Kabita, tamvani kaye. Achimwene anu mukuwadziwa: akamva mawu oti mtima, adzagona pamphasa osadzukanso ndi mantha okha. Akabwerera lero adzafika kumudzi chimanjamanja, anthu n'kumawaseka kuti mapiri anawabweza. Kwatsala mwezi umodzi wokha kuti ulendo waukulu uthe, ndipo ukangotha ndidzawakweza basi ndekha, malata awo ali m'thumba. Paulendowo sadzayenda pansi. Adzakhala pabwato langa ngati mfumu, ndipo mtsinje umatsika, sukwera.

Ndiponso, ndisaname, wophika wina pakati pa nyengo chonchi sapezeka. Ndikawauza bwana kuti munthu amene ndinamuchitira umboni ndi wodwala, adzayamba kukayika zonse zimene ndinanena, ndipo ulendowo adzaupereka kwa Lobzang, wopalasa mnzanga uja. Sindikuti chifukwa chake n'chimenechi. Ndangochitchula kuti mudziwe kuti ndinachiganizirako.

Mapiritsiwo akugwira ntchito. Mapazi aphwa, akudya bwino, dzulo amavina ndi chikombe kumutu kuseketsa ana a alendo. Fodya ndinawabisira, ndiye akunditcha wapolisi. Machuli ayamba kupsa, ndipo amakhala pansi pa mtengo ndi mayi Yangdol kuswa nthanga, aliyense akulankhula chinenero chake, koma akumvana bwino kuposa ine ndi bwana.

Mundiyankhe msanga mmene mukuonera. Mukati atsike, nditsatira mawu anu. Koma amayi musawauze, ngakhale a Suntali.

Mchere wa njati mugule wa chibuluma, woperapera uja amauthira mchenga.

Mwamuna wanu,
Harka


Nimu
5 Ogasiti 2003

Amake Kabita,

Moni mwachidule, poti galimoto zikupakira. Tonse tili bwino. Yankho lanu silinafike. Ndapita ku positi kangapo. Mwina misewu yagumuka ndi mvula kumeneko. Tikunyamuka mawa m'mawa kudzera ku Kargil.

Dzulo tikutsuka mapoto kumtsinje ndinayesa kulankhula nawo. Ndinati, "Alamu, bwanji mutsale? Njira ya galimoto imakwera pamwamba kwambiri tisanafike poyambira. Ndipeza mnyamata wina aziphika."

Anaika poto pansi n'kundiyang'ana. "Nditsale? Mwezi wonse wakhala ukundiimbira za mpata wako, makoma ofiira, madzi otuluka m'mwala, lero ukuti nditsale ndiziswa nthanga ndi gogoyu? Kapena ndakuchititsa manyazi pena pake?"

Ndinati ayi, simunandichititse manyazi.

"Nanga pali chimene ukudziwa chimene ine sindikudziwa?"

Amake Kabita, pamenepo mpomwe panali ponenera. Mawu anafika pakhosi. Koma Lobzang anandiitana kuti pampu yasowa, ndipo ndinanyamuka kukafuna pampu. Nditabwerako anali akuimba, ndiye sindinayambitsenso.

Akuoneka amphamvu ndithu. Mapiritsi ndawerengera okwanira ulendo wonse, ndawaika m'thumba langa losalowa madzi. Tenti yawo izikhala pafupi ndi yanga.

Akuti ndikuuzeni kuti mlongo wawo asadandaule, akubweretserani mwala wofiira wa mumpata woti muzisinjira tsabola. Akutinso a Suntali akafunse mtengo wa malata kwa amwenye a pamsika, koma asaonetse kuti akufunitsitsa.

Mukhala nthawi osamva za ife, kumeneko kulibe positi. Muzitipempherera.

Harka


Nimu
24 Ogasiti 2003

Amake Kabita,

Sindikudziwa kuti ndikupatseni moni wotani. Uthenga munaumva kale pa foni ya kusitolo ya ku Manthali. Mwini sitolo anandiuza kuti anatuma mwana wake tsiku lomwelo. Pa foni sindikanatha kufotokoza. Ndikulemba kuti mudziwe mmene zinayendera, poti ndi mlongo wanu ndipo ndine ndinalipo.

Pamwamba pa phiri la Pensi, pamene alendo amatsika kukajambula mtsinje wa madzi oundana, alamu sanatsike m'galimoto. Anati akulondera mazira. Ndinaona mmene amapumira, koma ndinadziuza kuti kuyambira pano ndi kutsika kokhakokha.

Masiku oyamba pamadzi anali bwino. Chigwa chinali chotakasuka, nyumba za amonke zitamatirira kumapiri ngati zisa za anamzeze. Kenako tinalowa mumpata. Makoma ofiira, ena obiriwira, ena akuda, aatali moti thambo limaoneka ngati kansalu kong'ambika. Alamu anangoti maso m'mwamba, akuyang'ana khoma ili ndi ilo. Kenako anati, "Mlamu, sunaname." Mmenemo mulibe msewu, mulibe njira ya phazi. Khomo ndi mtsinje wokha.

M'mawa wina, tili pamsasa wa kumunsi kwa Nyerak, tiyi sanabwere. Ndinapita kutenti yophikira. Ndinawapeza atakhala pabokosi, madzi ataphwera m'ketulo, milomo itada ngati adya jambula. Pachifuwa pamamveka ngati mphika ukuwira. Anayesa kuimirira, amvekere, "Ndachedwa pang'ono," koma miyendo inakana.

Mwa alendo athu munali mayi wina namwino wa ku Pune. Anaika khutu pamsana pawo n'kunena kuti m'mapapo mwalowa madzi, afike kuchipatala lero lomwe. Kenako anandifunsa ngati ali ndi matenda a mtima. Ndinati eya. Anafunsa ngati dokotala anawalola kubwera kuno. Alamu amangondiyang'ana.

Alendo ndinawasiya ndi Lobzang. Ndinatenga bwato laling'ono, tinawakhazika pakati atatsamira zikwama, namwino uja atawagwira kumbuyo. Mtunda umene timayenda masiku awiri ndinafuna kuudutsa dzuwa lisanalowe, kuti tikafike ku Chilling kumene msewu umayambira.

Titayenda pang'ono anandiitana. Mawu amatuluka amodziamodzi.

"Mlamu. Dokotala uja ananena zambiri, eti?"

Ndinati, "Eya, alamu. Anati mutsike. Ine sindinakuuzeni."

"Ndinaona. Munthu salankhula nthawi yonse ija kungoti siya fodya." Anapuma. "Palasa. Tikakangana kunyumba, pamaso pa mlongo wanga. Iyeyo ndiye amadziwa kukumenya bwino."

Sanatchulenso nkhaniyo. Titafika paja madzi amatumphuka m'khoma la mwala n'kugwera mumtsinje, anakweza dzanja kuti ndiyandikire. Ndinati nthawi palibe. Anati, "Ndalipira kale." Ndinayandikiza bwato, nthunzi ya madziwo inawanyowetsa kumaso, anatseka maso n'kumwetulira. Kenako tinapitirira.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze munthu. Kumunsi kwake kuli malo amene mtsinje wonse umapanikizika pakati pa miyala, mpata wake ngati m'lifupi mwa basi, madzi akuwira ndi kuzungulira. Nthawi zonse timaima kaye n'kukwera pamwala kukaona polowera. Tsiku limenelo sindinaime. Ndinalowa mwachindunji, ndipo bwato linadutsa mosakhudza khoma ngakhale pang'ono, mmene sindinadutsirepo chiyambire. Titatulukira kunja ndinakuwa ndi chimwemwe, amake Kabita. Ndinakuwa ngati mnyamata. Kwa kanthawi kameneko ndinaiwala amene ndanyamula. Ndimati ndikatseka maso ndimve mawu awo, koma ndimamva kukuwa kwangako.

Alamu anali moyo pamenepo. Namwino akuti anaseka.

Dzuwa litapendeka makoma anayamba kufupika, ndipo ndinaona msewu patali. Ndimapalasa osayang'ana kumbuyo, manja atachita matuza n'kuphulika. Ndiye ndinamva dzanja likundigwira phazi. Anali namwino uja. Anati, "Achimwene, musathamangenso."

Za apolisi ndi mapepala anayendetsa ndi bwana Angchuk, ndipo sanandifunse kanthu. Kunyamula thupi mpaka kwathu sikukanatheka. Gopal, mwana wa alamu, tinamuimbira ku Malaysia; analira n'kunena kuti ndichite ndine m'malo mwake. Kuno nkhuni ndi chuma, mukudziwa, mitengo imachita kubzalidwa ndi kuthiriridwa. Mayi Yangdol anatsegula nkhokwe yawo n'kutulutsa nkhuni zonse zimene anasungira nyengo yozizira. Nditatchula zolipira anandiponyera chikuni. Anthu akwathu ogwira ntchito ya msewu anabwera ambiri ndithu, ena osawadziwa n'komwe. Tinawaotcha pamchenga pamene mitsinje iwiri imakumana, pomwe ankatidikira ndi mapoto. Moto ndinayatsa ndine. Dzanja limene linayenera kuwakweza basi ndi limene linayatsa.

Kalata yanu ya pa 29 Julayi ndinaipeza pawindo la chipinda chathu. Inafika tili mumpata. Munalemba kuti ndiwauze zonse tsiku lomwelo ndipo ndiwaperekeze mpaka ku Delhi. Ndaiwerenga.

Harka


Nimu
19 Seputembala 2003

Okondedwa amake Kabita,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Kabita ndi amayi. Sindinamve chilichonse kuchokera kwa inu, ndipo sindikudandaula. Ine thupi lili bwino.

Katundu wa alamu ndi malipiro awo onse ndapatsira Maila wa ku Khurkot, amene wanyamuka dzana; bwana anaonjezapo zawo. Adzafikitsa kwa a Suntali. Muli jekete lawo, mpeni wawo wa kukhitchini ndi fodya uja ndinawabisira. Ndinaganiza zomutaya, koma si wanga.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinabwere naye Maila. Nyengo yatha, madzi atsika n'kusanduka obiriwira, anzanga onse apita. Koma mabwato akufunika kutsuka, kuumitsa ndi kupinda bwino, apo ayi mbewa zimaboola. Ndiponso sindingawasiye mayi Yangdol opanda nkhuni chisanu chili pakhomo. Ndakhala ndikukwera m'makwawa kukazula zitsamba zouma ndi kutola ndowe.

Ndikuuzeni china, poti mukamva kwa ena chidzapweteka koposa. Maliro atangotha ndinabwerera pamadzi. Alendo anali atalipira kale ndipo opalasa anali ochepa. Tsiku lililonse ndimayambira ku Chilling komweko, kuwaveka majekete, kuwauza nthabwala ya ng'ona, iwo n'kumaseka. Pofika pamchenga paja amaphika ndi mnyamata wina. Alendo amatsika n'kumajambulana pomwepo. Mphepo inachotsa kale chilichonse, sangadziwe.

Alendo a ulendo waukulu aja analembera bwana kalata yonditamanda, akuti sanaonepo munthu wopalasa chotero pofuna kupulumutsa mnzake. Bwana anandiwerengera pamaso pa anyamata, ndipo anawomba m'manja. Ndinasowa poyang'ana. Kenako anati chaka chamawa maulendo aakulu akhala awiri, onse ndi anga. Ndinayankha kuti ndiganiza. Sindinakane, amake Kabita. Ndimafuna ndikulembereni kuti ndinakana, koma sindinakane.

Dzulo nditatula mtolo wina, mayi Yangdol anaima pakhomo la nkhokwe n'kutambasula manja. Anati, "Zakwana. Zinakwana kalekale. Ukufuna ndiotche mudzi?" Ndinati ndingoonjezako pang'ono. Anati, "Iwe sukutola nkhuni, ukubisala. Taona kuphiri uko." Chipale chayamba kuyera pamwamba. Chikatsika misewu itsekeka mpaka chaka chamawa.

Chikondwerero cha Dasai chayandikira, ngakhale kwathu chaka chino kulibe chikondwerero. Kabita mumugulirebe nsalu yatsopano, mwana sanalakwe. Ngati simukufuna kulemba, mutume mawu kwa aliyense wobwera kuno, ngakhale mawu amodzi.

Mwamuna wanu,
Harka


Nimu
9 Okutobala 2003

Amake Kabita,

Kalata yanu yafika lero. Ilibe moni, ilibe dzina langa, koma dzanja ndi lanu. Munalemba kuti: "Mpunga wa achimwene wacha ndipo mbalame zayamba. A Suntali sangathe okha. Akuti akufuna kumva zonse pakamwa pako, osati papepala. Ine sindinawauze za dokotala. Imeneyo ndi ntchito yako."

Ndamva.

Pali lole imene ikutsika Loweruka kudzera ku Srinagar, woyendetsa wavomera kunditenga. Ndapita kwa bwana kukawauza kuti chaka chamawa afune wina. Anati ndisalumbire, anthu a mtsinje amabwerera. Mwina akunena zoona, sindikudzidalira. N'chifukwa chake nkhafi yanga ndamupatsa Lobzang pamaso pawo.

Musadzabwere kudzandichingamira, ndipo Kabita musamuuze tsiku. Ndikatsika basi sindidzakhotera kwathu. Ndidzawoloka mlatho n'kulunjika kwa a Suntali ndi chikwama changa, ndidzakhala pansi pabwalo, n'kuwauza kuyambira kwa dokotala mpaka kumapeto, osasiyako chimodzi. Zimene adzanene ndidzazimva. Akadzandithamangitsa pabwalo ndidzapita kumunda kwawo, poti mpunga sudikira kuti anthu akhululukirane. Ndizidzagona m'khumbi la kumundako mpaka mtolo womaliza utalowa m'nyumba.

Ndikadzamaliza ndidzafika pakhomo panu n'kuodira ngati mlendo. Mukadzayankha, ndidzalowa.

Harka